Nsalu ya Chipani Ikafika Kumaso

Midzi yozungulira mpanda wa Kuti, nkhalango ya mbidzi ndi mphalapala yomwe ili pakati pa tauni ya Salima ndi gombe la Senga Bay, imadya za kumunda ndi za kunyanja. Kumeneku mtengo wa chinthu munthu sachita kuumvera pa wailesi. Mayi wopita kuchigayo amadziwa pamene ndowa ya chimanga yafika. Mnyamata wa kabaza ya njinga yamoto amadziwa mtengo wa petulo wa m'chigubu papampu pakauma. Mwini chilimira amadziwa kuti boti la injini likagona pamchenga chifukwa chosowa mafuta, m'mawa mwake matandala oyanikapo usipa amangokhala mbee, ndipo amayi ooda nsomba amabwerera ndi mabeseni opanda kanthu. Kumayambiriro kwa 2025, thumba la chimanga la makilogalamu 50 litayandikira K100,000 m'misika ina, panalibe wa chipani chilichonse amene anati chimanga chatchipa. Wovala nsalu ya tambala ya MCP ndi wovala ya buluu ya DPP ankaima pamzere umodzi, natulutsa ndalama zofanana. Koma mukanawafunsa kuti chadzetsa zonsezi nchiyani, pomwepo njira zikanasiyana. Wina akanatchula namondwe wa Freddy, ng'amba ya 2024, nkhondo ya ku Ukraine ndi ngongole zimene boma lakale linasiya. Winayo akanati zonsezo nzothawira mlandu, vuto ndi kuba ndi maulendo akunja osatha. Aliyense akanatola mbali ya choonadi imene ikukomera chipani chake, inayo n'kuisiya pansi ngati kulibe.

Chipani sichitilanda maso pa zinthu zimene tikuzigwira ndi manja. Chimatilanda pa zinthu zimene tiyenera kuchita kuuzidwa, ndipo zambiri zoyendetsera dziko nzotero: ndalama zakunja zatsala zingati ku Reserve Bank, ngongole yafika pati, anasaina kontilakiti ndani, m'nkhokwe za ku Kanengo muli chimanga kapena mulibe. Mlimi wa mpunga wa ku Lifuwu kapena msodzi wa kwa Maganga sangapite kukawerenga yekha matumba. Amadalira mboni. Tsono nthenda yathu yagona pa kasankhidwe ka mboniyo. Tisanamve zimene munthu wanena, timayamba tafunsa kuti ameneyu ngwa kuti, amadya ndi yani. Akakhala wathu, mawu ake ndi umboni. Akakhala wa uko, ndiye kuti watumidwa, kapena ndi nsanje chabe.

Taonani mmene timachitira ndi kafukufuku wa maganizo a anthu. Chisankho chobwereza cha pa 23 June 2020 chisanachitike, bungwe la IPOR la ku Zomba linapeza kuti Lazarus Chakwera ali patsogolo. A DPP, omwe anali m'boma, anakana zotsatirazo, a mgwirizano wa Tonse akuombera m'manja, ndipo Chakwera anapambanadi ndi mavoti oposa 58 peresenti. Patapita zaka zisanu bungwe lomwelo linapeza kuti amene ali patsogolo ndi Peter Mutharika. Apa okana anali a MCP, oombera m'manja a DPP, ndipo pa 16 September 2025 Mutharika anapeza 56.8 peresenti, Chakwera 33. Ofufuzawo sanasinthe ntchito yawo; anasinthana malo ndi omvera. Nawo makhoti timawatero. Chigamulo cha pa 3 February 2020, chimene oweruza asanu anathetsa nacho chisankho cha 2019, chinali cha masamba pafupifupi 500. Zoti pa mapepala a zotsatira panapakidwa Tipp-Ex palibe anakana. Mkangano unali woti kodi zolakwikazo zinali zazikulu mokwanira kugwetsa chisankho chonse. Limeneli ndi funso loti munthu akhale pansi, awerenge, aganize. Koma kwa wa MCP ndi UTM oweruzawo anali ngwazi chigamulo chisanathe kuwerengedwa, ndipo kwa ambiri a DPP chinali chiwembu cholanda boma kudzera m'khoti. Ochepa kwambiri, mbali zonse ziwiri, ndiwo anadzivutitsa kumva zifukwa zimene oweruzawo anapereka.

Palibe nthawi imene khalidweli linatiika pangozi ngati ya Covid-19. Odwala oyamba anapezeka pa 2 April 2020, dziko lili mkati mokonzekera chisankho chija. Boma litalengeza m'bindikiro wa masiku 21, bungwe la HRDC linakatenga chiletso kukhoti pa 17 April, ndipo chifukwa chake chinali chomveka: munthu wodalira ganyu ndi geni ya tsiku ndi tsiku ungamutsekere bwanji m'nyumba osamuuza chimene adye? Koma m'misika ndi m'maminibasi nkhani inapitirira pamenepo. Ambiri otsatira zipani zotsutsa anayamba kunena kuti matendawo kulibe, ndi machenjera othawira chisankho, ndipo misonkhano ya mbali zonse inadzaza mabwalo anthu ali thithithi. Mu January 2021, boma litasintha, nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi ndi matenda omwewo. Tsopano ochenjeza anali amene ankanyoza dzulo, ndipo ena mwa ochenjeza a dzulo anayamba kunena kuti boma latsopano likungofunapo ndalama, makamaka itaphulika nkhani ya kusakazidwa kwa gawo la K6.2 biliyoni ya Covid. Kachilombo kanali komweko. Amene anasenza mtolo ndi anamwino ndi alangizi a zaumoyo a kumidzi, omwe ankayenda khomo ndi khomo ndi uthenga umene theka la mudzi linali litaukana kale potengera amene ali pampando.

Pa mfundo zoyendetsera chuma ndiye pamaonekera kuti maganizo athu ambiri ndi obwereka. Bingu wa Mutharika anakana kwamtuwagalu kugwetsa kwacha, mpaka dziko linafika pa mizere ya mafuta ya 2011 ndi imfa za anthu 20 pa zionetsero za pa 20 July. Joyce Banda atalowa, mu May 2012 dola inachoka pa K168 kufika pa K250, ndipo a DPP anamudzudzula kuti wagonjera IMF. M'zaka zisanu ndi chimodzi zoyamba za Peter Mutharika kwacha inatsetsereka kuchoka cha m'ma K400 mpaka kudutsa K700, otsatira ake osaonapo chodandaulitsa. Boma la Chakwera linaigwetsa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka 44 peresenti mu November 2023, ndipo otsatira MCP amene ankalira ndi mitengo m'zaka za m'mbuyomo anayamba kutifotokozera kuti mankhwala owawa ndiwo ochiza. M'kusinthana konseku funso lenileni limatsala lili khale: dziko logula kunja katundu wochuluka pafupifupi katatu kuposa amene limagulitsa, ndalama yake ingalimbe bwanji, pampando pakhale aliyense? Feteleza wotsika mtengo nayenso ndi chimodzimodzi. Anayamba ndi sitata paki ya Bakili Muluzi mu 1998, anadzakhala makuponi a Bingu mu 2005, kenaka AIP ya mu 2020 ya thumba la K4,495. Chipani chikakhala m'boma chimati pologalamuyi yapulumutsa dziko. Chikakhala kunja chimati mayina alembedwa mokondera, n'kulonjeza thumba lotchipa koposa. Palibe chimene chimalimba mtima kufunsa ngati ndalama zimene kwa zaka zambiri zakhala zikumeza gawo lalikulu la bajeti ya ulimi sizikanapindula koposa pa ulimi wamthirira. Funso limeneli ku Salima ndi lopweteka, poti mvula ikadula mu January chimanga chimafota m'munda nyanja ikuonekera poteropo.

Za katangale sizifuna mawu ambiri. Uzani munthu kuti atchule nkhani zakuba zimene akukumbukira, chipani chake muchidziwira pa zimene waiwala. Wina ayamba ndi Cashgate ya 2013, wina ndi chimanga cha ku Zambia cha 2017, wina ndi K750 miliyoni ya feteleza imene mu 2022 inapita ku kampani yogulitsa nyama ku Britain. Zonsezi zinali ndalama za m'thumba limodzi, la msonkho wa tonsefe.

Salima ali nacho chitsanzo chapakhomo. Ntchito yopopa madzi a m'nyanja kupita ku Lilongwe, mtunda woposa makilomita 100, inaperekedwa ku kampani ya Khato Civils mu ulamuliro wa DPP. Mu 2017 bungwe la maloya la Malawi Law Society linapita kukhoti kukafunsa chifukwa chimene ntchito yaikulu chotere ikuyambira popanda kuunika kaye mmene ikhudzire chilengedwe. Mu 2023, MCP ili m'boma, nyumba ya malamulo inavomereza ngongole ya K105 biliyoni yochokera ku mabanki a m'dziko mom'muno kuti ntchito yomweyo ipitirire ndi kampani yomweyo. Mafunso oyenera kufunsa sanasinthe m'zaka zonsezi: mtengo wake unapezeka bwanji, ngongoleyo abweza ndani, midzi imene mapaipi akudutsa imwa nawo madziwo kapena ingowamva akulira pansi pa nthaka, amene minda yawo yakhudzidwa alandira chipukutamisozi chokwanira? Koma wofunsa zimenezi mu 2017 ankaoneka mdani wa boma la buluu, ndipo wofunsa zomwezo mu 2023 ankaoneka mdani wa tambala. Magetsi a dzuwa a ku Nanjoka, a mamegawati 60, ntchito yake inayamba m'boma lina n'kutsegulidwa ndi lina mu November 2021, ndipo pakamwa pa anthu andale nkhani imakhala yolimbirana mwini chitukuko, osati yoti ndi makomo angati ozungulira malowo amene ayatsa babu.

Tisaganize kuti nthendayi ndi ya Amalawi okha, kapena ya anthu osapita kusukulu. Mu 1951 ku America, matimu a mayunivesite a Princeton ndi Dartmouth atasewera mpira wankhanza, ofufuza awiri anaonetsa ophunzira a mbali zonse filimu imodzi ya masewerowo. A Princeton anaona zolakwa za Dartmouth zochuluka kuwirikiza kawiri kuposa zimene a Dartmouth eniake anaona. Aliyense amene anakhalapo pakati pa Maule ndi Manoma penate ikaperekedwa akudziwa zimenezi popanda buku. Ku Uganda, Elizabeth Carlson anapeza kuti otsatira chipani cholamula amakuza zimene boma lawachitira m'dera lawo, pamene otsutsa amazichepetsa, chonsecho chipatala ndi msewu akuziona ndi maso. Chodetsa nkhawa koposa ndi chimene Dan Kahan wa ku Yale ndi anzake anapeza mu 2013. Anapatsa anthu masamu amodzimodzi, ena atauzidwa kuti ndi za mafuta odzola ochiza zidzolo, ena kuti ndi za lamulo la mfuti, nkhani yogawa zipani kwawoko. Pa za mafuta, odziwa masamu anakhoza bwino. Pa za mfuti, odziwa masamu omwewo ankakhoza yankho likakomera mbali yawo, likapanda kutero ankaphonya. Sukulu imanola mpeni, koma sikuuza mwini mpeniwo choti adule. Ndiye chifukwa chake mabodza onona kwambiri a pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp sachokera kwa agogo a kumudzi. Amalembedwa ndi anthu a madigiri, m'Chingerezi chosalala, n'kutsikira kumudzi atavala kale ulemu wa ophunzira.

Wina anena kuti kukayika kwathuku sikunagwe kumwamba, tinachita kuphunzitsidwa ndi maboma onama. Ameneyo akunena zoona, ndipo anthu a ku Salima ali ndi chifukwa chokumbukira. Kumapeto kwa 2001 ndi kumayambiriro kwa 2002, ansembe, mafumu ndi bungwe la Save the Children, lomwe linkayeza ana ku Salima ndi ku Mchinji, ankachenjeza kuti njala yalowa. Akuluakulu a boma ankachedwa kuvomera, chonsecho chimanga choposa matani 160,000 cha m'nkhokwe za dziko chinali chitagulitsidwa kale. Muluzi anadzalengeza za ngoziyo kumapeto kwa February 2002, anthu akudya kale zitsa za nthochi ndi gaga, ndipo m'miyezi itatu yokha chiwerengero cha ana onyentchera ku Salima chinali chitawirikiza kawiri. Wailesi ya MBC nayo yakhala ikusintha nyimbo usiku umodzi boma likasintha, kuyambira nthawi ya Kamuzu. Munthu wolumidwa ndi njoka amathawa ndi luzi lomwe, ndipo sitingamuseke. Koma kukayika kwanzeru kumakayikira onse ndi muyeso umodzi, pamene kwathuku kumagona tulo chipani chathu chikangolowa m'boma, n'kudzadzuka chikatuluka. Ngozi ya ndege ya pa 10 June 2024 ku Chikangawa, imene inapha Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu, inasiya mafunso oyenera, makamaka pa kachedwedwe ka kusaka. Komiti yotsogozedwa ndi woweruza Jabbar Alide komanso akatswiri a ku Germany analoza nyengo yoipa ndi ziganizo za oyendetsa. Munthu ali ndi ufulu wosakhutira ndi malipotiwo, koma ayenera kutiuza tsamba limene lanama ndi umboni umene ali nawo. Chimene chinachitika nchakuti ambiri, okhulupirira ndi okana omwe, anali atagamula kale maliro asanaikidwe, ndipo chigamulo chawo chinkadziwika pongoona nsalu imene avala.

Wina anenanso kuti vuto si chipani koma mtundu ndi chigawo, zinthu zimene munthu amabadwa nazo. Mapu a chisankho cha 1994 amaoneka ngati akumuvomereza: Muluzi kummwera, Kamuzu pakati, Chakufwa Chihana kumpoto. Koma Daniel Posner, atafunsa Achewa ndi Atumbuka m'midzi ya mbali zonse ziwiri za malire a Malawi ndi Zambia, anapeza chinthu chofunika kuchisinkhasinkha. Ku Malawi mitundu iwiriyi inkakayikirana pa za ukwati ndi pa za kuvota. Kungodumpha malire, ku Zambia, anthu a miyambo yomweyo ankadziona ngati abale a kum'mawa. Kusiyana kwake nkwakuti ku Malawi mtundu uliwonse ndi waukulu mokwanira kuti wandale aumangirepo chipani, pamene ku Zambia yonse iwiri ndi yaing'ono, ndiye andale amapindula poiphatikiza. Udani umene timauyesa wamagazi ndi wolimidwa ndi ofuna mavoti. Mu 2009 Bingu anapeza mavoti pafupifupi 66 peresenti kuchokera m'zigawo zonse, umboni woti mpandawo umagwa. Ndipo pagombe la Senga Bay, pamene Mchewa, Myao, Mtonga ndi Mtumbuka amakoka khoka limodzi, wina wa kumzikiti wina wa kutchalitchi, palibe amafunsa mtundu wa mnzake mwera ukawapeza pakati pa nyanja.

Pali chitsutso china chimene ndimachilemekeza kwambiri, choti anthu ambiri choonadi amachidziwa, kungoti kuchinena nkodula. Nyakwawa imene inganene poyera kuti m'mudzi mwake muli njala imaopa kuoneka yotsutsa boma. Mayi amene dzina lake lili pa mndandanda wa feteleza kapena wa Mtukula Pakhomo amayeza mawu ake alendo a mapepala akafika. Mnyamata wolandira tisheti ndi kangachepe pamsonkhano amaimba zimene wauzidwa, ngakhale lamulo la zipani la 2018 linaletsa zogawagawa zokopera mavoti. Ofufuza a ku America anapezanso kuti ukalonjeza anthu kandalama pa yankho lililonse lolondola, kusiyana kwa mayankho a zipani ziwiri kumachepa kwambiri, kusonyeza kuti zina zimene anthu amanena ndi kuchemerera chabe. Izi zimapatsa chiyembekezo, koma sizichotsa ngozi. Mtsogoleri samva za mumtima, amamva za pakamwa. Akazunguliridwa ndi nthungululu, amakhulupirira kuti zinthu zili bwino mpaka tsiku lowerenga mavoti. Ndipo mwana wokulira pakhomo pamene bambo amatamanda masana chimene amadandaula nacho usiku, amaphunzira kuti pa ndale zoona ndi zonong'ona.

Chitsutso champhamvu kuposa zonse ndi mbiri ya mavoti athu. Amalawi anachotsa Joyce Banda mu 2014, Mutharika mu 2020, Chakwera mu 2025. Munthu sangatsike kuchoka pa 58 kufika pa 33 peresenti popanda anthu miyandamiyanda kusintha maganizo, ndipo ichi nchonyaditsa chimene maiko ambiri a mu Africa alibe. Koma taonani nthawi imene choonadi chimapambanira: chikafika mumphika. Timadikira kuti vuto lisanduke njala, mzere wa mafuta kapena shuga wosowa m'sitolo, ndiye pamene nsalu imayamba kuchoka kumaso, zaka zitatayika kale. Mavuto amene sapweteka lero koma adzapweteka ana athu alibe wowalankhulira: ngongole ya dziko, mitengo imene ikutsika m'mapiri ngati matumba a makala, chambo chimene chachepa m'nyanja. Komanso timasintha anthu osaunika mfundo. Wochotsedwa mu 2020 ndi amene anabwezedwa mu 2025, womutsatira wake ali Jane Ansah, yemwe misewu ya 2019 inkafuula kuti atule pansi udindo ku bungwe loyendetsa zisankho la MEC. Ovota anali ndi zifukwa zawo zomveka, zolembedwa pa mtengo wa ufa. Koma ngati pakati pa zisankho ziwiri palibe amene akuwerengera boma lake zolakwa, tidzangokhalira kusinthanitsa zowawa zaka zisanu zilizonse.

Kumpoto kwa boma lomweli la Salima kuli chilumba cha Mbenje, chimene chakhala m'manja mwa mafumu a kwa Makanjira kuyambira zaka za m'ma 1950. Chaka chilichonse, nyengo ya mvula ikayamba, chilumbacho chimatsekedwa mpaka cha mu April. Asodzi amasamuka, maukonde osayenera amalandidwa, wophwanya lamulo amathamangitsidwa. Lamuloli lapirira ulamuliro wa atsamunda, wa chipani chimodzi ndi wa zipani zonse zimene zabwera pambuyo pake, chifukwa umboni wake umatuluka m'madzi aliyense akuona: utaka wa ku Mbenje ukatsegulidwa umadzaza mabwato. Wolakwa kumeneko safunsidwa chipani, ndipo amamugwira ndi asodzi anzake a m'boti loyandikana. Apa ndi pamene pali mankhwala a nthenda yathu. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo pa ndale mnansi wa boma ndi amene analivotera. Dandaulo la wotsutsa limatayidwa msanga kuti ndi nsanje ya oluza. La mwini chipani silitayika chotero. Choncho inu amene munavotera boma lilipoli, ntchito yofunsa za madzi a ku Lilongwe, za mayina a feteleza ndi za mankhwala a m'chipatala yagwera inu poyamba. Inu amene chipani chanu chili kunja, chimanga chikatsika mtengo nenani kuti chatsika, kuti tsiku limene mudzanene kuti chakwera anthu adzakumvereni. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, ndipo silifunsa khadi la chipani. Msonkhano wa chitukuko wa m'mudzi ukaitanidwa, pitani, mukafunse phungu ndi khansala wanu, amene munamuvotera yemweyo, kuti ndalama za chitukuko cha m'dera za CDF za chaka chino zagula chiyani, ndipo mupemphe kuona malisiti.